Wailesi Ikamasokosa, Wolakwa Ndani?

Pali fanizo limene alaliki a kuno kum'mawa amalikonda, ndipo limamveka pa guwa la Reformed, la Katolika ndi m'matchalitchi a Pentekoste chimodzimodzi. Amati Mulungu ali ngati nyumba youlutsira mawu imene sitseka usana ndi usiku, ndipo mtima wa munthu ndiye wailesi. Ukapanda kumva kanthu, vuto lili kwa iwe: mabatire ako atha, eriyo yako yathyoka, kapena wapotokolera kolakwika. Fanizoli limagwira anthu msanga chifukwa ku Katete, ku Sinda ndi ku Vubwi palibe amene sadziwa kawailesi ka m'manja, kamene mlimi amakapachika pa nthambi akamapalira, kamene wa njinga amakamangirira kutsogolo popita ku msika. Funso langa ndi ili: kodi n'zoona kuti mawu akafika osokonekera, kapena akapanda kufika n'komwe, wolakwa amakhala womvera nthawi zonse? Ine ndikuti ayi, ndipo umboni wanga ndiutenga ku wailesi yomweyo. Amene wasunga wailesi zaka zambiri m'midzi ya kumalire amadziwa kuti phokoso limachokera mbali zambiri, ndipo mbali imodzi yokha ndi imene ili m'manja mwake.

Ndiyambe ndi pamene alaliki akhoza, chifukwa akhozadi. Mawailesi ambiri amafa ndi manja a eni ake. Mabatire akatha n'kusiyidwa momwemo amachucha, ndipo zochuchazo zimadya timawaya ndi tizitsulo togwirako, n'chifukwa chake wodziwa amawatulutsa akaona kuti wailesi ikhala masabata osatsegulidwa. Kuyanika mabatire padzuwa kumangokupatsa mphindi zochepa za nkhani, pamene kutenthako kumafulumizitsa kuchucha. Fumbi la mu Okutobala limalowa m'kopotokolera mawu, wailesi n'kumakhwekhwereza ukangoigwira. Chinyezi cha m'dzinja chimachititsa dzimbiri, mphemvu ndi nyerere zimamanga m'kati, eriyo imathyoka chifukwa choipinda ndi kunsonga m'malo moigwira kutsinde. Mawailesi a sola a masiku ano nawonso batire yake imakalamba msanga akamasiyidwa tsiku lonse pa malata otentha. Mavuto amenewa ndi akale. M'chaka cha 1949, Harry Franklin wa ku Central African Broadcasting Station ku Lusaka atagwirizana ndi kampani ya Ever Ready kuti ipange wailesi yotsika mtengo ya anthu akumudzi, yotchedwa Saucepan Special, anaikonza yotseka mabowo kuti tizilombo tisalowe, ndipo inkagulidwa mapaundi 5, batire yake padera. Kuyambira nthawi imeneyo wailesi ya kumudzi yakhala katundu wogulidwa ndi thukuta, ndipo woitaya mosasamala amadzimana yekha. Za mtima n'chimodzimodzi. Kulipo kusamva kumene munthu amadzipangira: kuledzera kwa tsiku ndi tsiku, chidani chosungidwa zaka, kudana ndi uphungu chifukwa ukukhudza pamene pakupweteka. Makolo anachenjeza kuti samva za anzake anamva nkhwangwa ili m'mutu, ndipo fanizo la wofesa mbewu mu Marko 4 limaika nkhani pa nthaka imene yalandira mbewuyo. Zimenezi sindikuzitsutsa.

Koma tengani mawailesi awiri a mtundu umodzi, ogulidwa tsiku limodzi pa Katete, onse a mabatire atsopano. Ina ipite kumudzi wa pamtunda woyang'anana ndi mlongoti, ina itsikire kudambo kuseri kwa mapiri a Mphangwe kapena m'zigwa za kwa Pembamoyo ku Vubwi. Yoyamba idzalankhula bwinobwino, yachiwiri idzangoti shwee. Mafunde a FM, amene amayenda pakati pa 87.5 ndi 108 MHz, amapita molunjika, ndipo phiri likaima pakati, kuseri kwake sikufika kanthu kokwanira. Breeze FM, imene yakhala ikuulutsa kuchokera ku Chipata kuyambira 2002, Radio Maria ya ku Chipata komweko, Mphangwe ya pa Katete ndi Radio One ya ZNBC, iliyonse ili ndi kumene imagwira ndi kumene sigwira. Malire amenewo amadulidwa ndi mapiri, kutalika kwa mlongoti ndi mphamvu ya makina. Khalidwe la omvera silikhudzapo. Ena amamangirira waya ku eriyo n'kuukweza pa nsungwi kupitirira denga, ndipo nthawi zina zimathandiza. Nthawi zina kungosuntha wailesi kuchoka pa mpando kupita pa zenera kumakwana, chifukwa mafunde obwerera kuchokera ku phiri ndi ku malata amakumana ndi olunjika n'kufafanizana pa malo ena. Koma alipo madambo amene ngakhale nsungwi yaitali sipindula. Pa medium wave zinthu zimasinthanso ndi nthawi: usiku mlengalenga mumabweza mafunde ochokera kutali, masiteshoni a maiko ena n'kuwunjikana pamodzi, ndipo mphezi ikang'anima kutsidya kwa malire wailesi imathetheka pano. Phokoso lina silichokera n'komwe padziko. Karl Jansky, pofufuza zosokoneza matelefoni a pa mafunde ku America, analengeza mu 1933 kuti kushweta kwina kosalekeza kumachokera pakati pa mlalang'amba wathu.

Ngati tikufuna kugwiritsa ntchito wailesi pophunzitsa za Mulungu, tilibe ufulu wotenga mabatire n'kusiya phiri. Ndipo Malemba amene alaliki amanyamula salisiya. Buku lonse la Yobu ndi mlandu pa funso lomweli. Abwenzi ake atatu, Elifazi, Bilidadi ndi Zofari, anabwera ndi chiphunzitso chimodzimodzi ndi cha pa guwa lathu: ngati kumwamba kwakhala chete, fufuza tchimo lako. Pamapeto, mu chaputala 42, amene anadzudzulidwa ndi abwenziwo, ndipo anafunika pemphero la Yobu yemweyo. Mu Yohane 9 ophunzira anafuna kudziwa wochimwa pakati pa munthu wobadwa wosaona ndi makolo ake, Yesu n'kukana mbali zonse ziwiri. Ngakhale m'masiku athu, makalata a Mother Teresa amene anasindikizidwa mu 2007, patatha zaka khumi atamwalira, anaonetsa kuti anakhala zaka makumi angapo akupemphera osamva kuti Mulungu ali pafupi, uku akusambitsa odwala ndi kutola otayidwa m'misewu ya Calcutta. Kodi pali mbusa amene angaime n'kunena kuti mayi ameneyu sanasamale moyo wake wauzimu? Alipo anthu okhulupirika amene moyo wawaika m'chigwa: mayi amene waika ana awiri m'manda m'nyengo imodzi, mkulu amene matenda amutha mphamvu, mnyamata amene maganizo amulemera mpaka satha kudzuka. Kumuuza munthu wotere kuti kusamva kwake ndi umboni wa tchimo lobisika ndi kumuchitira umboni wonama, ndipo kunena zimenezi m'dzina la Mulungu kumakulitsa mlanduwo.

Gwero lina la phokoso ndi limene mafanizo a pa guwa salitchula kawirikawiri, mwina chifukwa limaloza ife tonse. Wailesi imasokonezedwa ndi katundu wa anansi. Invata yotchipa ya sola, chaja ya foni, mababu ena a LED, injini ya njinga yamoto imene mapulagi ake atha, makina owotcherera zitsulo pa msika wa Sinda, zonsezi zimataya mafunde osafunika amene wailesi yapafupi imatola. Chilala cha 2024, chimene Pulezidenti Hakainde Hichilema anachilengeza kuti ndi ngozi ya dziko lonse pa 29 February, chinaphwetsa madzi ku Kariba, magetsi n'kumazima maola ambiri, ndipo mabanja ochuluka anathamangira ku sola. Kuwala kumene kwalowa m'nyumba imodzi kukhoza kuzimitsa nkhani m'nyumba ya pafupi, mwini wake osadziwa kanthu. Masiteshoni nawo amatha kulowererana, n'chifukwa chake pali ZICTA yogawa mafunde, IBA yopereka ziphaso, ndiponso pangano la ku Geneva la 1984 limene maiko a mu Africa ndi ku Ulaya anagawana nalo FM kuti oyandikana malire asaphimbane. Lamulo lenilenilo limavomereza kuti kumva kwa munthu mmodzi kumadalira kudziletsa kwa anzake. Nanga mpingo ungakane bwanji? Mwana amene bambo ake ndi mkulu wa mpingo Lamlungu koma amamenya mayi ake pakati pa sabata, akadzakula osafuna kumva za Atate wakumwamba, phokosolo analiyatsa ndani? Mayi wamasiye amene achibale a mwamuna amulanda munda ndi ng'ombe, iwo omwewo akuimba kwaya, adzamva bwanji za chilungamo? Amene wagona ndi njala mu Januwale, pamene wina m'mphakati momwemo akusunga matumba kudikira kuti mtengo ukwere, kusamva kwake kuli ndi mwini, ndipo mwiniyo sali kutali.

Tsopano ndifike pa chimene ndikuona kuti n'choopsa koposa, chifukwa sichimveka ngati phokoso. Wailesi ya FM ili ndi khalidwe lakuti masiteshoni awiri akakumana pa malo amodzi kapena oyandikana, siiwasakaniza. Imatenga yamphamvu, yofooka n'kuzimiririka. Womvera amamva mawu oyera, osakhwekhwereza, ndipo palibe chomuuza kuti siteshoni imene ankafuna yaphimbidwa. Ku Vubwi, kumene Malawi ali mbali ina ndi Mozambique mbali ina, nkhaniyi ili ndi mtengo wake weniweni. Mafunde saima pa malire, ndipo masiteshoni a ku Malawi amalankhula chinenero chomwechi. Zambia ndi Malawi ndalama zawo zonse ndi kwacha, koma mphamvu zake n'zosiyana kutali. Mlimi amene watsegula wailesi pakati pa chilengezo cha mtengo wa chimanga kapena soya akhoza kumva nambala yomveka bwino, m'chinenero chake, yoona kumene yachokera, koma yosakhudza depoti ya FRA imene iye akagulitseko. Palibe amene wanama, ndipo wailesi yake ilibe vuto. Komabe akangodalira kuyera kwa mawu, asokera. Amene amadziwa amadikira mpaka woulutsa atchule dzina la siteshoni. Kumveka bwino kumangokuuza kuti mlongoti uli pafupi ndipo makina ake ndi amphamvu. Sikukuuza kuti akulankhulayo ndani, kapena ngati zimene akunena n'zoona.

Mbiri yaonetsa zimenezi mowawa. Ku Rwanda mu 1994, Radio Télévision Libre des Mille Collines inkamveka bwino pa FM, ndi nyimbo zokoma ndi oulutsa odziwa kuseketsa, ndipo inkatchula maina ndi malo a anthu oti aphedwe. Mu 2003 khoti la ku Arusha linapeza akuluakulu ake olakwa. Anthu amene mawailesi awo ankagwira bwino ndi amene anali pangozi yaikulu yosocheretsedwa. Kwathu kuno nkhani inayenda mbali ina. Pamene boma la atsamunda linkakonza chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, chimene chinayamba mu 1953, siteshoni ya ku Lusaka inkafalitsa zokometsera chitaganyacho, chimene anthu akuda ankachikana. Omvera anataya chikhulupiriro, mpaka mphekesera zinafala zakuti oulutsa ena ndi a banyama, anthu otenga magazi a anzawo, monga analembera Peter Fraenkel, amene ankagwira ntchito kumeneko. Saucepan inali yomweyo, mabatire omwewo, koma anthu analeka kumva chifukwa olankhula anagwiritsidwa ntchito ndi ena. Izi zikukhudza mpingo mwachindunji. Zimene munthu wa ku Kawaza kapena ku Nyanje amamva za Mulungu zimadutsa m'kamwa mwa anthu: abusa, ansembe, akatekisi, aneneri, ndi masiku ano alaliki a pa wailesi ndi pa foni. Amene ali ndi zokuzira mawu zazikulu ndi ndalama zogulira nthawi pa wailesi amaphimba mkulu wa mpingo wofatsa amene amayendera odwala pa njinga. Amene amalonjeza chuma kwa wofesa mbewu ya ndalama amamveka bwino kuposa amene amati leza mtima. Pa phiri la Karimeli ofuula tsiku lonse anali aneneri 450 a Baala, ndipo pa Horebu Eliya sanapeze Mulungu mu mphepo, m'chivomezi kapena m'moto. Wokhulupirira amene amati akumva Mulungu momveka bwino tsiku lililonse, pa nkhani iliyonse, ayenera kufunsidwa mafunso ambiri kuposa amene akuvomera kuti akuvutika kumva.

Wina adzati maganizo awa akutsegulira khomo aulesi, pakuti aliyense amene watopa ndi kupemphera adzaloza phiri. Nkhawa imeneyi ndi yoona, koma onani mmene mwini wailesi wanzeru amachitira. Sayamba n'kudandaula za phiri. Amayamba ndi zake: amasintha mabatire, amapala dzimbiri, amatambasula eriyo, amatuluka panja. Zikakanika, amapita kwa mnzake kukafunsa ngati kwawo ikugwira. Kudzifufuza kumabwera poyamba, ndipo ndi ntchito ya mwini wake. Chimene ndikukana ndi chakuti munthu wina, ali patali pa guwa, asanatsegule kumbuyo kwa wailesiyo, agamule kuti vuto ndi mabatire. Kudziyesa wekha ndi kudzichepetsa, pamene kugamula za mnzako popanda umboni ndi kuweruza, ndipo ziwirizi zimabala zipatso zosiyana. Waulesi akhoza kubisala kuseri kwa phiri, inde. Koma wosweka mtima amene wauzidwa kuti ndi wolakwa amachoka mu mpingo osabwereranso, ndipo pakati pa zotayika ziwirizi ine ndikuona kuti yachiwiri ndi yolemera.

Wina adzanena mozama kuposa apa: Mulungu ndi wamphamvuyonse, palibe phiri lingamutchinge, choncho kumuyerekeza ndi mlongoti wofooka n'kumuchepetsa. N'zoona kuti angathe kufika kulikonse. Koma kutha kuchita chinthu n'kosiyana ndi kuchichita nthawi zonse mmene ife tikufunira. Buku loyamba la Samueli limanena kuti m'masiku a Eli mawu ochokera kwa Mulungu anali osowa. Masalimo ambiri ndi madandaulo a anthu olungama amene akufunsa chifukwa chimene Mulungu wabisalira, ndipo mpingo umawaimba osawayesa mwano. Yesu mwini pa mtanda anafuula ngati wosiyidwa. Ngati kukhala chete kuli m'gulu la njira za Mulungu, ndiye kuti amene amaphunzitsa kuti siteshoni sitseka ndi amene wamuchepetsa, chifukwa wamusandutsa makina amene ayenera kulira ukangopotokola bwino. Apa fanizo la wailesi limathera, ndipo n'koyenera kuvomera. Mlongoti susankha womulankhula kapena nthawi yolankhulira. Mulungu wa m'Malemba amasankha, ndipo sanalonjeze kutifotokozera zifukwa zake zonse.

Palinso wosakhulupirira, amene anganene kuti mwina kushwetako ndiko zonse zimene zilipo, palibe siteshoni n'komwe. Wailesi singathe kumutsimikizira kuti Mulungu alipo, ndipo kunamizira kuti ingathe n'kupanda ulemu kwa iye. Koma singamuthandizenso kutsimikizira zosiyana, chifukwa chete wa m'dambo sanena kanthu za mlongoti. Wa m'dambo amadziwa za siteshoni kudzera mwa a pamtunda amene amabwera kudzamuuza, ndipo amawayesa poona ngati zimene ananena zachitika: ngati feteleza wafikadi, ngati katemera wa ng'ombe wabweradi tsiku lija. Dziko lino lili ndi chizolowezi chakale chomvera pamodzi. Kuyambira zaka za m'ma 1960 magulu a Radio Farm Forum ankakhala pansi kumvera wailesi imodzi, kukambirana, ndi kutumiza mafunso kwa okonza pologalamu. Zimene mmodzi sanamve wina ankazigwira, ndipo zimene mmodzi anamva molakwika ena ankazikonza. Chikhulupiriro chimayenda motero: chimadalira mboni, ndipo mbonizo zimayesedwa ndi moyo wawo. Samueli ali mwana anamva mawu katatu osadziwa mwini wake mpaka Eli, nkhalamba ya maso akhungu, anamuthandiza. Wa m'chigwa safunika kuuzidwa kuti aone mabatire. Amafunika wa pamtunda atsike n'kumufotokozera mokhulupirika zimene wamva, ndipo wa pamtundayo akumbukire kuti naye akhoza kukhala atagwidwa ndi siteshoni yamphamvu yolakwika.

Choncho pempho langa likupita kwa inu abusa, ansembe, akatekisi, akulu a mpingo ndi amayi a chigwirizano a ku Katete, Sinda ndi Vubwi. Munthu akabwera kwa inu n'kunena kuti akupemphera koma sakumvanso kanthu, musathamangire kumufunsa tchimo limene wabisa. Mufunseni ngati wadya, ngati akugona tulo, ngati pali maliro amene sanawalire mokwanira, ngati pali wina mu mpingo mwanu amene anamulakwira. Ngati ndi matenda a maganizo, muperekezeni ku chipatala. Ngati wolakwayo ali m'komiti yanu, yambani ndi ameneyo. Ndipo musamuchotse pa kaundula chifukwa wakhala miyezi osabwera. Tumizani anthu awiri akakhale naye pakhonde sabata ino.